Njinga zopanda mabuleki: ku Lublin zili mu mpanda, ku Nyimba zili pa mseu

Kumapeto kwa September 2025 ku Poland kunasila sizoni ya masewela amene ambili a ise kuno sitinawaonepo na maso, kupatulapo tumavidiyo twa pa foni. Amawacha speedway. Ni mpikisano wa njinga zamoto, izi zimene kum'mawa timangoti honda olo ikhale Boxer kapena TVS. Kilabu ya Motor Lublin, imene inatenga cikho zaka zitatu zotsatizana, 2022, 2023 na 2024, inaluza mu fainolo. Anaigwetsa ni a tauni ya Toruń, amene anali asanacigwilepo cikho cimeneci kucokela mu 2008.

Nidziwa ena mwafunsa kale kuti, "Manje ise vitikhudza bwanji, tili pa Kulima Tower tiyembekeza basi izule?" Vikukhudzani, cifukwa nkhani iyi ifika mpaka kwa Mfumu Mwape ku Nyimba, ndipo ipitila pa Great East Road, pamene honda ya delivery inatsala pang'ono kucotsa galasi la basi yanu dzulo.

Tiyambe na cinthu cake. Njinga ya speedway ilibe mabuleki. Osati kuti anasila monga a mabasi ena amene tonse tiwadziwa, iyai. Anaipanga dala tero, ndipo malamulo salola kuikapo. Giya ni imodzi cabe. Injini ni ya 500cc, siimwa petulo koma methanol. Bwalo ni lozungulila monga dzila, la dothi losakaniza na tumiyala tophwanya, kutalika kwake pakati pa mamita 260 na 425. Anthu anayi amaima pa mzele, tepi ikakwela m'mwamba acoka, azungulila kanayi, ndipo mu mphindi imodzi zatha. Woyamba atenga mapointi 3, waciwili 2, wacitatu 1, wothela abwelela cimanjamanja. Pa kona palibe coponda. Wokwela amapotoza njinga cam'mbali, wilo ya kumbuyo n'kumatsetseleka uku imwaza dothi, phazi lamanzele lili pansi mu nsapato ya citsulo. A ku Poland amati żużel, kutanthauza phulusa la malasha, cifukwa n'limene anali kuthila pa mabwalo akale.

Matimu awili akakumana mu ligi, pamakhala mipikisano 15, awili a uku na awili a uko nthawi iliyonse. Eni bwalo avala zisote zofiila na zabuluu, alendo zoyela na zacikasu. Mapointi onse pamodzi ni 90, ndiye amene wapitilila 45 wawina.

Mbili ya Motor Lublin ni yokoma kuimva. Mu 2016 tauni ya Lublin inalibe timu mu ligi iliyonse, ndalama zinali zitasila. Mu 2017 anayambanso pansi penipeni, mu ligi yacitatu. Anakwela caka comweco, anakwelanso mu 2018, ndipo pofika 2019 anali mu Ekstraliga, ligi imene okwela onse aluso pa dziko amalimbilana kuloŵamo cifukwa ndiyo imalipila bwino. Mu 2021 anathela pa nambala 2, mu 2022 anatenga cikho. Ndiyeno mu 2023 anagula Bartosz Zmarzlik kucokela ku Stal Gorzów, munthu amene pa njinga izi alibe mnzake masiku ano. Kucokela apo anthu anayamba kuona monga cikho cili na adilesi imodzi.

Zmarzlik payekha mu 2025 sanagwe. Anatenganso ukatswili wa dziko lonse kacisanu na cimodzi, kulingana na Ivan Mauger wa ku New Zealand na Tony Rickardsson wa ku Sweden, ngakhale kuti Brady Kurtz wa ku Australia anamupumila m'khosi mpaka tsiku lothela, kusiyana pointi imodzi cabe. Koma kilabu yake inaluza. Fainolo imaseweledwa kawili, uku na uko, n'kuphatikiza mapointi. Toruń inawina kwambili pa bwalo lake, Lublin inawina pa lake, koma dzenje limene anakumba ku Toruń silinakwililike. Ine niona kuti cifukwa cake n'ca masamu cabe. Katswili mmodzi amakwela maulendo 5 kapena 6 pa 15. Otsalawo afunika anthu ena. A Toruń analibe Zmarzlik, koma anali na Patryk Dudek, Mikkel Michelsen, Robert Lambert na Emil Sayfutdinov, anthu anayi amene aliyense angawine mpikisano tsiku lililonse.

Za cikho zikwane apo. Cimene cinanigwila mtima maningi ni funso lina: n'cifukwa ciani masewela awa ali moyo ku Poland pamene kwina afa?

Yankho yoyamba ni malo. Mabwalo ambili a speedway ku Poland ni a khonsolo ya tauni. Ku Toruń khonsolo inamanga Motoarena, imene inatsegulidwa mu 2009 ndipo imaloŵa anthu opitilila 15,000. Leszno ni katauni ka anthu pafupifupi 60,000, koma kilabu yake, Unia Leszno, yatenga cikho ca dziko maulendo 18. Kilabu ingagwe na nkhongole, monga mmene Lublin inagwela, koma bwalo limatsala, ndipo ena amabwela n'kuyambanso. Ku England n'zosiyana. Speedway inafika kumeneko mu 1928 kucokela ku Australia, ndipo panali nthawi imene fainolo inali kudzaza Wembley. Lelo makilabu atsekedwa mmodzimmodzi: Coventry inataya bwalo kumapeto kwa 2016, Wolverhampton na Peterborough mu 2023, Birmingham mu 2025. Okwela analipo, ocemelela analipo. Koma malo anali a lendi, ndipo eni ake anafuna kumangapo nyumba kapena kucitapo bizinesi ina. Imwe a mu komboni simufunika kukuuzani zambili apa. Mudziwa mabwalo angati a bola amene munasewelapo muli ana, amene lelo ni maploti, mabala na magalaji.

Yaciwili ni lamulo la ana. Mu 2025 timu iliyonse mu Ekstraliga inali kufunika kukhala na anyamata awili a ku Poland osapitilila zaka 21, ndipo mpikisano umodzi pa 15 ija unali wao okha. Olo kilabu ikhale na ndalama bwanji, singathawe kuphunzitsa ana a m'tauni yake.

Yacitatu ni ambulansi. Tisanamizane, masewela awa amapha. Lee Richardson wa ku England anamwalila atagwa pa bwalo la Wrocław mu 2012. Darcy Ward wa ku Australia anathyoka msana mu 2015 ndipo sanayendenso. Mu March 2025 Tai Woffinden, katswili wa dziko katatu, anagwa koopsa ku Krosno n'kukhala masiku ali cikomokele. Ndiye cifukwa cake mpanda wa pa makona ni wa matumba a mphepo, ndipo mpikisano suyamba ngati palibe dokotala na ambulansi. Ambulansi ikacoka na wovulala popanda ina yotsala, onse amazima injini n'kuyembekeza. Cinanso cacikulu n'cakuti mkati mwa mpanda muli okhawo amene anasankha kuika moyo wao pa ngozi. Mulibe mayi wogulitsa nthoci, mulibe mwana wocokela ku sukulu, mulibe ngolo ya ng'ombe.

Manje tibwele kwathu. Zambia si mlendo pa masewela a injini. Satwant Singh anatenga ukatswili wa rally wa Africa maulendo 8. Muna Singh anautenga mu 2004 na 2005, Mohammed Essa mu 2012, Jassy Singh mu 2013, Leroy na Urshlla Gomes mu 2022. Pa njinga zamoto, David Reeve anakanyamula mbendela yathu ku Dakar Rally pamene inali kucitikila ku South America. Bungwe la Zambia Motor Sport Association lilipo, na mipikisano ya motocross imacitika. Koma yang'anani amene amakwela. Njinga ya motocross, zovala zake na motoka yoinyamulila n'zinthu za mabanja amene ali nazo. Sinikamba izi mwa nsanje, cifukwa anthu amenewa aika ndalama zao ndipo akweza dzina la dziko. Nikamba cabe kuti okwela njinga zamoto oculuka kwambili mu Zambia muno sali pa mndandanda wa mpikisano uliwonse. Ali pa masiteshoni a ku Nyimba, Petauke, Sinda, Katete na Chipata, akhala pa mipando ya honda zao, ayembekeza kasitoma.

Amene munapita kumudzi zaka khumi zapita n'kubwelelanso lomba munaona kusintha. Kale wotsika basi pa Nyimba anali kufuna njinga yopalasa kapena kuyembekeza kanta ya mwayi. Lelo mukalibe kutsitsa cola, honda zisanu zakuzingani. Zinabwela cifukwa njinga za ku India na China za 100cc mpaka 150cc zinachipa kufika poti mlimi akagulitsa soya, nshawa, mpendadzuwa kapena cimanga angagule imodzi. Ambili amagula n'kupatsa mnyamata kuti aziyendetsa, iye azibweletsa ndalama ya tsiku. Apa a mu basi mwazindikila kale nyimbo yake: ni kashing'i imodzimodzi imene imapangitsa dalaiva wanu kukwela pa pevumenti pa Great East kuti akatole anthu patsogolo pa mnzake. Mnyamata wa honda amene afunika kupeza ya bwana, ya mafuta na yake yodyela sathamanga cifukwa ca misala cabe. Ulendo uliwonse umene wacedwa ni ndalama imene wina watenga.

Koma tisabise, palinso kunyada. Mnyamata wa zaka 19 amene wagwila injini koyamba afuna anzake adziwe kuti ndiye dolo. Ndipo mseu unamuitana: kucokela pa Luangwa Bridge kupita ku Mwami anaukonza bwino, uli see. Ndiye madzulo, makasitoma akacepa, bwalo la mpikisano limakhala mseu umodzimodzi wa mabasi akuluakulu a ku Intercity na mathilaki a ku Malawi na Mozambique. Cisote cili pa handulo, kapena kulibiletu. Pa mpando pali atatu. Lamulo likamba poyela kuti woyendetsa na wokwezedwa onse avale cisote, kuti woyendetsa akhale na laisensi, njinga ikhale na nambala. Pitani pa wodi ya amuna mu cipatala ciliconse ca m'mbali mwa mseu uja mukawelenge miyendo imene ili mu pulasitala, n'kufunsa kuti inathyoka bwanji.

Kwa Mwape nkhani ni ina pang'ono, ndipo ndiyo ifunika kuimvetsa. Nyimba ili na mafumu anayi, Ndake, Luembe, Nyalugwe na Mwape, ndipo dziko la Mwape lili kutali na boma, ca ku cigwa ca Luangwa. Kumeneko honda si coseweletsa. Ndiyo imanyamula mayi wapakati usiku kupita ku kiliniki, mphunzitsi wopita ku boma kukatenga malipilo, thumba la feteleza, mbuzi, nsomba zouma, nthawi zina na malata. Mseu wake ni wa mcenga, miyala, zigwembe na mitsinje imene mu October ni youma koma mu January imatseka njila. Mnyamata amene amayendetsa kumeneko tsiku na tsiku, na thumba la makilo 50 kumbuyo, anaphunzila yekha cinthu cimene ana a ku Leszno amacita kuphunzitsidwa: kuti pa mcenga buleki ya kutsogolo ni mdani, kuti wilo ya kumbuyo ikayamba kutsetseleka suileka mafuta koma umaiwongola na thupi, phazi lili pafupi na nthaka. Luso limeneli lilipo, ndipo palibe amene analipimapo olo kulipatsa dzina.

Vuto imabwela akacoka ku cigwa. Ambili a anyamata awa amathela kuno ku Lusaka, cifukwa nchito ya delivery yaculuka ndipo amene adziwa kale honda ndiye woyamba kuipeza. Amafika na manja aluso koma osadziwa mseu wa mu tauni. Kwa Mwape kulibe maloboti, kulibe laundabauti ya Munali, kulibe basi imene imaima mwadzidzidzi cifukwa kondakita waona munthu watukula cala. Kumudzi ngozi yake inali mcenga na njovu. Kuno ni citseko ca motoka cotseguka popanda cenjezo. Ise mu basi timamutukwana pa windo, iye apitilila, ndipo palibe amene waphunzilapo kanthu.

Ndiye maganizo anga ni awa. Speedway yeniyeni si ya ise pakali pano. Mainjini ake amacokela ku Italy na ku Czech Republic, amafuna amakanika apadela, ndipo methanol simungaipeze pa filing'i sitesheni ya pa Nyimba. Koma pali mbale wake wochipa amene amati flat track: bwalo lozungulila la dothi, njinga zokhala na buleki. Zimenezi zingacitike na honda zimene zilipo kale, kuzigawa monga mwa kukula kwa injini. Cofunika ni malo a mamita 300 kuzungulila, giledala ya khonsolo tsiku limodzi, thanki ya madzi yothila fumbi, mpanda wa matayala akale na matumba a udzu, cingwe cotalikitsa oonelela, woweluza wodziwa malamulo, na ambulansi. Mafumu ali na malo. Tsiku lilipo kale: cionetselo ca zaulimi ca boma caka ciliconse cimasonkhanitsa anthu, ndipo ku Petauke mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo umabweletsa khamu mu October.

Phindu lake lalikulu lili pa geti yoloŵela, osati pa mzele wothela. Wofuna kupikisana aonetse laisensi, njinga ya nambala, cisote ceniceni comanga pa cibwano, nsapato zotseka, ndipo apume mu kamakina ka mowa. RTSA imayendako kale m'maboma kukapeleka malaisensi. Ibwele sabata imodzi mpikisano usanacitike, muone mzele umene udzakhalapo. Mnyamata amene loadibuloko yalephela kumuvalika cisote zaka zitatu, cifukwa amangoizungulila mu thengo, adzacigula yekha ngati n'cimene cimuloŵetsa pa bwalo pamene cisumbali cake cili pakati pa oonelela. Ndipo timu ikhale ya dela, osati ya munthu: Mwape na Luembe, Ndake na Nyalugwe, Nyimba na Petauke, mapointi 3, 2, 1 monga ku Poland, na malo awili a osapitilila zaka 21. Phunzilo la Lublin ligwila nchito na kuno: dolo mmodzi sawinitsa timu, ndiye akulu adzakakamizika kuphunzitsa ang'ono.

Pali zotsutsa zitatu, ndipo zonse zili na mutu.

Wina adzati, anthu a kwa Mwape afuna mseu na milatho, imwe mukamba za masewela? Ameneyo akamba zoona, ndipo ngati funso ni kusankha pakati pa kalavati na bwalo, ine nisankha kalavati. Koma ndalama zake sizilingana olo pang'ono. CDF inacoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, mu 2025 inafika K36.1 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo muli gawo la acinyamata. Kusalaza dothi la mamita 300 sikungadye mlatho. Cimene cifunika maningi si ndalama koma pepala: malo alembedwe kuti ni bwalo, kuti pakapita zaka zisanu tisakapezepo maziko a lodge.

Wina adzati, mukawaphunzitsa kuthamanga, si ndiye adzathamanga kwambili pa mseu? Zingacitike, ndipo amene akuuzani kuti sizingacitike akunamizani. Cotetezela cimodzi cimene niona ni lamulo la kilabu: wagwidwa ucita mpikisano pa tala, wanyamula atatu, kapena ulibe cisote, sizoni yonse sukwela, ndipo timu yako itaya mapointi. Anzake a pa siteshoni adzamulonda kuposa wapolisi aliyense. Palinso nkhani ya mwini honda. Njinga zambili si za oziyendetsa, ndipo inshuwalansi wamba siilipila njinga yothyoka pa mpikisano. Popanda cilolezo colemba ca mwini wake, njinga isaloŵe, apo ayi tidzadzaza makhoti a mafumu na milandu ya mafoloko opindika.

Cotsutsa cacitatu ndico cinanivuta kwambili, ndipo ni ambulansi ija. Ku Poland kuimika ambulansi ziwili pa bwalo masana onse si nkhani. Ku boma la kumudzi, ambulansi imene yaima pa bwalo ingakhale imodzimodzi imene mayi wa kwa Mwape amene mwana wapingasa aiyembekeza. Apa palibe zonyengelela. Okonza mpikisano abweletse yao yolipila, na namwino wao, kucokela ku ndalama za pa geti na za makampani amene amagulitsa honda, mafuta na matayala, amene apindula kale na anyamata awa. Ikasoŵa, mpikisano kulibe. Kutenga ya cipatala ca boma kungakhale kuba.

Ku Poland ligi imayambanso mu April. Kuno mvula ili pafupi, ndipo miyezi ikubwelayi honda za kwa Mwape zidzayamba kuoloka mitsinje zitanyamulidwa pa mapewa a anthu anayi. Nyengo youma ikabwela mu May na June, zionetselo za zaulimi zidzayamba. Pempho lililonse la CDF limayambila ku komiti ya citukuko ya wodi, ndipo imwe a kum'mawa amene mwadzaza basi ya Chelstone na Mtendere muli na nambala ya khansala wa kwanu mu foni. Mukamutumila za feteleza, mufunsenso ngati pa mapu a khonsolo ya Nyimba kapena Petauke pali malo amene akali osagawidwa, aakulu monga mabwalo awili a bola.